KOMPYUTA IKAKANA KUYAKA



Lero ndifuna kuceza nanu za kompyuta, osati kaja kopinda ngati buku kamene anthu amayenda nako, koma ija ya bokosi lacitsulo yokhala pa tebulo. Makina amenewa ali m'masukulu, m'zipatala ndi m'timasitolo mmene anthu amakasindikiza makalata ao, ndipo tsiku limene akana kuyaka nchito ya anthu ambiri imaima. Mphunzitsi wamkuru sangathe kuturutsa mafunso a mayeso, mwini sitolo sadziwanso amene ali naye ngongole. Pamenepo munthu amathamangira kwa wokonza, ndipo akauzidwa kuti gulani ici, gulaninso ico, amangobvomera, pakuti sadziwa za m'kati mwa bokosilo. Ambiri ataya ndarama pogula ciwalo catsopano pamene cakaleco cinalibe cirema. Ena ataya zoposa ndarama, ndiwo makalata a zaka zambiri, cifukwa wina anafafaniza disiki yonse poyesa kuciza nthenda imene sinali m'disikimo.

Kodi munthu wamba aloledwa kutsegula bokosili? Inde aloledwa, ndipo cifukwa cace ciri m'mbiri ya makinawa. Pa 12 August 1981 kampani ya IBM ya ku America inaturutsa makina ochedwa IBM PC. Pofuna kufulumira, anthu ace sanapange ziwalo zonse okha; purosesa anagula kwa Intel, ija yochedwa 8088, pulogalamu yoyendetsa makina anatenga kwa Microsoft, ndiponso anasindikiza buku loonetsa mmene mawaya a m'katimo anayendera. Posacedwa makampani ena, monga Compaq, anayamba kupanga makina ogwirizana nao. M'caka ca 1995 Intel inaika muyeso wochedwa ATX, wonena za kukula kwa bolodi lalikuru, malo a mabowo a masikuruu ndi mapulagi a magetsi, ndipo muyeso umenewo ulikutsatidwabe kufikira lero. Cotero kompyuta ya pa tebulo iri ngati njinga: unyolo wa kampani ina, matayala a kampani inanso, koma zonse zilowana.

Ziwalo zace nzowerengeka, ndipo tingazimvetse poganizira za mai amene alikusinja. Cimanga ciri m'nkhokwe. Nkhokweyo ndiyo disiki, mosungira zonse. Maiyo sanyamula nkhokwe kupita nayo pa mtondo, amatapa cocepa m'licero naciika pafupi. Licerolo ndilo RAM. Mtondo ndi munsi, pamene nchito yeniyeni icitikira, ndiye purosesa. Magetsi akazima za m'licero zimamwazika, koma za m'nkhokwe zimatsala. Bolodi lalikuru, motherboard, ndilo bwalo limene zonsezi ziimapo. Ndipo pa ngondya pali kabokosi kochedwa power supply, kamene kamalandira mavolti 230 a pa khoma nkuwasandutsa mavolti 12, 5 ndi 3.3, amene ziwalo zinazo zingathe kulandira. Anthu ambiri pomanga makina amathira ndarama zonse pa purosesa nagula power supply yochipitsitsa. Ine ndiyesa kuti kumeneko nkulakwa kwakukuru, cifukwa ciwalo cimeneci cikafa moipa cimapha ndi zinzace zomwe.

Tsono tiyeni timange. Musanakhudze kanthu, zulani pulagi pa khoma, ndipo mukhudze citsulo ca bokosi ndi dzanja. Mudziwa timoto tija timathetheka pobvula juzi usiku m'miyezi youma ya July ndi August. Timeneto ndi magetsi a m'thupi, ndipo ngakhale ocepa amene inu simungawamve akhoza kuononga ciwalo. Gwirani ziwalo m'mphepete, osakhudza mano ace agolide.

Purosesa iri ndi kacizindikiro ka ngondya zitatu pa ngondya yace imodzi, ndipo soketi ya pa bolodi irinso nako, muzilinganize ziwirizo. Kuyambira 2004 Intel inacotsa timiyendo pa purosesa nitiika m'soketi, ndipo AMD inatsata njira yomweyo m'caka ca 2022 ndi soketi yace ya AM5, imene iri ndi timiyendo 1,718. Ganizani timiyendo tonseto pa malo osaposa kabokosi ka macisi! Kamodzi kakapindika, makina angakane kuyaka, ndipo ogulitsa ambiri salandiranso bolodi lotere. Purosesa siikankhidwa, imangokhazikidwa, nigwera m'malo mwace yokha. Ikakana, mwaitembenuza molakwa.

Pamwamba pace pamakhala citsulo coziziritsa, ca fani, ndipo pakati pa ziwirizo pamapakidwa phala lotuwa. Zitsulo ziwirizo zioneka zosalala, koma ziri ndi timaenje tosaoneka ndi maso mmene mumatsala mpweya, ndipo mpweya suolotsa kutentha bwino. Phalalo limadzaza timaenjeto. Dontho limodzi pakati, lofanana ndi njere ya nandolo, likwanira pa mapurosesa ambiri. Ndipo yang'anani pansi pa coziziritsaco, pakuti catsopano cimabwera ndi kapulasitiki koonekera komatidwa pamenepo, ndipo ngakhale amisiri odziwa amakaiwala, makina nkumatentha ngati mbaula.

RAM ndiyo yosiyana ndi purosesa, cifukwa iyo imafuna mphamvu. Kankhani mbali zonse ziwiri kufikira mutamva kuti tha, timakoko ta m'mbali tatseka. Koma muyambe mwaona kampata ka pakati pa mano ace. DDR4 ndi DDR5 zonse ziri ndi mano 288 ndipo zifanana utali, koma kampatako sikali pa malo amodzi, kotero kuti ina siingalowe m'malo mwa inzace. Ngati bolodi liri ndi mipata inai ndipo inu muli ndi timitengo tiwiri, mabolodi ambiri afuna mpata waciwiri ndi wacinai kuwerenga kucokera ku purosesa. Kabuku ka bolodiko kadzakuuzani.

Pano pali nzeru imene ipulumutsa nthawi yambiri. Musafulumire kumangirira zonse m'bokosi. Ikani bolodi pamwamba pa katoni imene linabweramo, lumikizani power supply ndi sikirini, ndipo muyatse pokhudza ndi nsonga ya sikuludiraiva timiyendo tiwiri ta swichi. Cithunzi cikaoneka, mwadziwa kuti ziwalo zonse nzamoyo, ndipo bvuto liri lonse lobwera pambuyo pace lacokera m'kamangidwe kanu. M'bokosimo bolodi limakhala pa timizati tamkuwa, kamodzi pansi pa bowo liri lonse. Kamzati kotsala pa malo opanda bowo kamakhudza mawaya a pansi pa bolodi, makina nkungoti zii. Musaiwalenso kuti bolodi limadya ndi pakamwa pawiri: pulagi yaikuru ya mano 24, ndi ina ya mano 8 kapena 4 pafupi ndi purosesa.

Tsopano tifike pa tsiku la tsoka, pamene mwadina batani koma palibe cimene cacitika. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pa nchito iyi mauwa ngoona ndithu. Yambani ndi kufunsa cimene cinacitika potsiriza. Kodi makina anasunthidwa posesa? Kodi kunagwa mvula ya mphezi usiku? Kodi wina anaikamo ciwalo catsopano? Ndipo posintha, sinthani cinthu cimodzi, muyese, ndipo pokhapo musinthe cina. Wosintha zitatu pamodzi, makina nkuyaka, sadziwa cimene cinali colakwa, ndipo kawirikawiri amalipira zitatu zonsezo.

Ngati palibe nyale, palibe fani yozungulira, palibe phokoso, yambirani ku khoma. Yesani soketi ndi nyale kapena cina ciri conse. Pulagi ya mano atatu amakona imene tigwiritsa nchito kuno iri ndi fyuzi m'kati mwace, kanthu kocipa kwambiri, ndipo makina ambiri ayenda ulendo wautali kunka kwa wokonza cifukwa ca kanthu kameneka. Kumbuyo kwa power supply kulinso swichi imene mwana angathe kuizimitsa posewera. Zimenezi zikakhala bwino, power supply ingathe kuyesedwa yokha. Icotseni ku ziwalo zonse, ndipo pa pulagi ya mano 24 lumikizani waya wobiriwira ndi wakuda uli wonse mwa kawaya kopinda. Fani yace ikazungulira, iri moyo. Kukhala moyo sikukhala bwino iai, cotero amene ali ndi mita ayese: waya wacikasu upereke 12, wofiira 5, wa mtundu wa lalanje 3.3, ndipo muyeso wa ATX ulola kusiyana kwa magawo asanu okha pa 100. Zina za masiku ano ziri ndi mawaya akuda okhaokha, ndipo fani zace sizizungulira pamene katundu ali wocepa. Pa zotere musalote, tsatani kabuku kace.

Koma ndikupemphani, musatsegule kabokosi kameneka. M'kati mwace muli timigolo tosunga magetsi oposa mavolti 300, ndipo timawasungabe ngakhale mutazula pulagi. Ikafa, igulidwe ina. Nthawi zina wakupha wace amakhala mphemvu kapena nalimata wolowa kukafuna pofunda. Zimenezi sizinayambe lero. Pa 9 September 1947, anthu oyendetsa makina aakuru ochedwa Mark II ku Harvard anapeza njenjete itapanikizika m'kaswichi ka makinawo, naimata m'buku lao la nchito, ndipo tsambalo lisungidwa ku Smithsonian mu Washington.

Cenjezo lina ndi la makina akale ocokera ku America, kumene magetsi a m'nyumba ali 120. Power supply zakale ziri ndi kaswichi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 mbali ina, 230 mbali ina. Mukaiika pa khoma la kuno kali pa 115, mudzamva phu, ndi pfungo la kupsa, ndipo nkhani yatha. Yang'anani musanayatse.

Nthenda yaciwiri ndi iyi: mafani alikuzungulira, nyale zayaka, koma sikirini iri bii. Pano pali ciyembekezo cacikuru. Nthawi zonse makina akayatsidwa, kapulogalamu ka m'bolodi, kamene anthu amakachulabe kuti BIOS, kamayamba kuyendera ziwalo monga kapitao aitana maina m'mawa, purosesa, RAM, ca zithunzi, disiki; wina akapanda kuyankha kamaima pomwepo. Makina akale amanena mwa kulira kwa kasipika, koma kalilidweko kamasiyana monga mwa wopanga, cotero musakhulupirire munthu wonena kuti kulira katatu kutanthauza cakuti pa makina onse. Mabolodi ambiri atsopano ali ndi tinyale tinai tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, ndipo kamene katsala koyaka ndiko kaloza wodwala.

Musanafike kutali, onani kumene cingwe ca sikirini calowa. Makina okhala ndi khadi la zithunzi lapadera afuna cingweco cilowe m'khadimo, m'munsi, osati pa bolodi pamwamba. Ndipo mapurosesa a Intel amene dzina lao litha ndi F alibe ca zithunzi m'kati mwao, kotero kuti popanda khadi sadzaonetsa kanthu ngakhale zonse ziri bwino.

Pambuyo pace ganizirani RAM, pakuti ndiyo imabvuta kawirikawiri kuposa zinzace. Makina akayenda pa mseu wa mabampu, kapena pfumbi ndi cinyezi zikalowa m'mpata, mano ace sagwira bwino. Zulani timitengo tonse, pukutani mano agolidewo pang'onopang'ono ndi labala wofutira pensulo, bwezerani kamodzi kokha, muyatse. Akakana, yesani kena, ndiponso mpata wina. Mwa njira imeneyi mudzadziwa ngati cafa ndi kamtengo kapena mpata, osagula kanthu. Koma eni ace a makina atsopano a DDR5 adekhe, cifukwa pa kuyatsa koyamba bolodi limatha mphindi zingapo lirikuyesa RAM, sikirini iri yakuda, ndipo ambiri amazimitsa poyesa kuti zalephera.

Pa bolodi palinso kabatire kophwaphwatika ngati ndarama yacitsulo, kochedwa CR2032, ka mavolti atatu, kamene kamayendetsa koloko makina ali cizimire. Kakatha, tsiku ndi caka zimabwerera m'mbuyo nthawi zonse, ndipo masamba a pa intaneti amayamba kukana kutseguka, cifukwa ziphaso zao sizigwirizana ndi tsiku la makinawo. Munthu angayese kuti walowedwa ndi vairasi, pamene mankhwala ace ali m'sitolo ya mawochi. Kucotsa kabatireka kwa mphindi zowerengeka, pulagi itazulidwa, kumabwezanso BIOS mmene inaliri pocokera ku fakitale, ndipo kumadzutsa makina amene wina anasokoneza.

Nthenda yacitatu ndiyo yotopetsa: makina ayaka, agwira nchito, ndipo pakati pa kalata angozima kapena kuuma. Ikacitika masana a October koma osati m'mawa, kapena pa nchito yolemera yokha, kaikirani kutentha. Purosesa ikafika pa madigiri 95 kapena 100 imadzicepetsa liwiro, ndipo ikapitirira imadzizimitsa kuti ingapse. Tsegulani, ndipo mudzapeza pfumbi la cirimwe conse litalukana ngati bulangete pakati pa fani ndi citsulo. Turutsani makinawo pabwalo, muuzire ndi pampu kapena copemerera, mutagwira fani ndi cala kuti isazungulire mopitirira. Makina a zaka zambiri afunanso phala latsopano, pakuti lakale limauma ngati dothi. Bokosi lisakhale pansi, pamene tsache limautsa pfumbi m'mawa uli wonse. Ndipo amai athu okonda kukongoletsa nyumba andikhululukire: nsaru yoluka ija ikongola pa kabati, koma pa kompyuta yoyaka imatseka mphuno zace.

Ngati sikutentha, yesani RAM ndi pulogalamu yaulere yochedwa MemTest86, imene imayatsidwa kucokera pa kafulashi; isiyeni usiku wonse, ndipo colakwa ngakhale cimodzi cikwanira kutsutsa kamtengoko. Pa mabolodi akale yang'anani timigolo toima ciriri pafupi ndi purosesa. Mutu wace uyenera kukhala wophwaphwatika. Wotupa kapena wocuca dzimbiri ndi wakufa. M'zaka zoyamba za m'ma 2000 makina ambirimbiri pa dziko lonse anafa cifukwa ca timigolo topangidwa moipa.

Za magetsi athu sitingaleke kunena. M'caka ca 2024, cirala citacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, nyumba zambiri zinakhala maora ocuruka pa tsiku zopanda magetsi. Kuzima kwadzidzidzi kumaononga zimene zinali kulembedwa m'disiki, ndipo kubwera kwace nthawi zina kumadza ndi mphamvu yopitirira. Magetsi akapita, zimitsani pa khoma, ndipo akabwera dikirani pang'ono. Amene angathe agule UPS, koma adziwe kuti nchito yace ndi kukupatsani mphindi zowerengeka kuti musunge kalata ndi kuzimitsa bwino, osati kugwirira nchito tsiku lonse; ndipo batire lace limakalamba msanga m'malo otentha. Pa dzinja, mphezi zikayamba, swichi yokha siichinjiriza iai. Zulani pulagi, zulaninso cingwe ca intaneti, pakuti moto wa mphezi umalowera kumeneko komwe.

Ambiri a ife timagula makina amene anagwirapo kale nchito m'maofesi a maiko ena, monga Dell OptiPlex ndi a HP, ndipo ngolimba ndithu. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere: pemphani wogulitsa atsegule ndi kuyatsa inu mulikuona. Dziwani kuti ambiri a mtundu umenewu satsata muyeso wa ATX pa power supply ndi bolodi, cotero ciwalo ca m'sitolo wamba sicilowamo. Dziwaninso kuti Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 ifuna cochedwa TPM 2.0 ndiponso, pa makina a Intel, purosesa ya mbadwo wacisanu ndi citatu, wa 2017, kapena yoposa pamenepo. Pa maina a manambala anai, mbadwowo uli pa nambala yoyamba ya dzinalo: i5-8500 ndi wacisanu ndi citatu, i5-6500 ndi wacisanu ndi cimodzi. Makina ocepera pamenepo sayenera kutayidwa, pakuti Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint, imayenda bwino pa iwo ndipo siigulidwa. Koma mtengo wao utsike.

Ndasiya disiki potsiriza cifukwa ndiyo yokha imene ndarama sizingabweze. Disiki yakale, ya mbale zozungulira, imacenjeza: imayamba ulesi, ndipo imalira kuti go, go, go. Mukamva zimenezo lekani nchito, kopani zofunika zonse tsiku lomwelo, kuyambira zimene simungazipezenso, pakuti kuyatsa kuli konse kumaonjezera bala. SSD, yopanda cozungulira, njofulumira kwambiri ndipo imadzutsa makina okalamba koposa ciwalo cina ciri conse, koma ikafa kawirikawiri imangofa osatsazika. Cotero makalata a sukulu ndi mabuku a sitolo akhale pa malo awiri, ndipo amodzi a malowo asakhale m'cipinda comweco.

Makina akakana kuyaka, nthawi zambiri disiki imakhala yamoyo. Ingathe kuzulidwa ndi kulumikizidwa ku makina ena, zonse nkukopedwa. Koma makina ambiri a Windows 11 amakhoma disiki ndi loko wochedwa BitLocker, ndipo disiki yotero siitseguka kwina popanda kiyi wa manambala 48, amene kawirikawiri amasungidwa m'akaunti ya Microsoft ya mwini wace. Mpezeni lero makina akali bwino, mumlembe pa pepala. Ndipo popereka makina kwa wokonza, muuzeni pamaso pa mboni kuti asaikemo Windows yatsopano kufikira makalata anu atakopedwa ndipo inu mwawatsegula ndi kuwaona ndi maso anu.